Tsamba Lomatidwa ndi Mpunga

"Usaponye buku pansi! Mwana iwe, buku si nsapato, lili ndi mwini wake!"

A Ponnammal anakuwa ali kukhitchini, dzanja lili m'beseni la tchana. Mdzukulu wawo Kayal sankamuona, koma anamva mabuku akugwa pasimenti kuti phi! phi! ndipo khutu lawo linali lisanawanamizepo.

"Ndikufunafuna buku langa, Paati!" anayankha mtsikanayo ali kuchipinda, poti agogo ake ankawatchula choncho.

"Funafuna ndi ulemu. Ukaliponda, uligwire n'kudzikhudza m'maso, wamva?"

Linali tsiku la Saraswati, mulungu wamkazi wa maphunziro, tsiku lomwe chilichonse chodyetsa munthu chimapuma. Panja, bambo ake a Kayal, a Murugesan, anali atatsuka njinga yamoto ndi masipanala awo onse, akuwadontheza ufa wofiira limodzilimodzi. Tsidya la msewu, a Lurdusami, omwe aliyense ankangowatchula kuti a Solda chifukwa anagwirapo usilikali wa Afalansa, anali khale pakhonde pawo, ndodo ili pambali, akupukuta timipira tawo tachitsulo ta masewero oponya. Mawondo anawathera kunja komweko. Kuti adzuke pampando pankafunika anthu awiri, kapena fungo la khofi.

M'nyumba, pa kathebulo ka pansi pa chithunzi cha mulungu wamkaziyo, pankayenera kusanjidwa mabuku onse a pakhomopo. Wosanja anali wamkulu wa m'nyumba, a Ponnammal, omwe chibadwire sanapondemo m'kalasi. Buku lililonse ankalipaka dontho la phala lonunkhira la mtengo wa sandalo ndi kadontho kofiira pakati pake, ndipo likakwera pamenepo silinkatsegulidwa mpaka mawa lake. Buku lophonya tsikuli limauma gwa chaka chonse, mwini wake kuliwerenga osalowa kanthu. Zimenezi aliyense mu msewu wawo wa ku Muthialpet, dera la Atamili lomwe kale linkalamulidwa ndi Afalansa, ankazidziwa.

Kayal anatulukira pakhomo la khitchini, tsitsi lili nyankhalala.

"Paati, buku langa la Chifalansa. Dzulo ndinalisiya pawindo."

"Ine ndi mabuku tinadziwana liti? Kwa ine onse ndi nyerere zofola papepala."

Koma ankalidziwa. Zilembo ayi, koma chikuto chake: nsanja yachitsulo yaitali ngati ya magetsi, ndi mtsikana woseka mano onse pamtunda ngati kwawo sikugwa maliro. M'mamawa, asanakajambule maluwa a ufa pakhomo, analitenga pawindopo n'kulikwirira mu mgolo wa mpunga, pansi penipeni.

Mwezi wotsatirawo Kayal ankayenera kulemba mayeso a Chifalansa. Akakhoza, ulendo wa ku Falansa, kukaphunzira unamwino n'kumakhala kwa amalume ake Ilango. Ilango ameneyo anali mwana woyamba wa a Ponnammal. Anachoka ndevu zitangoyamba kumera. Tsopano akaonekera pafoni, mutu unali mbuu.

Vasuki, mayi ake a Kayal, analowa atanyamula masamba a nthochi. Anayang'ana mwana wake, n'kuyang'ana amayi ake, kenako maso ake anatera pa mkono wawo.

"Amma, masiku ano mpunga mukumatunga ndi chigongono?"

A Ponnammal anadziyang'ana. Pamwamba pa chigongono, pomwe madzi a tchana sanafike, fumbi la mpunga linali mbee. Sanalipukute.

"Lili pabwino," anatero. "Chiswe sichilipeza, mbava siilipeza. Koma pathebulo silikwera."

"Paati!"

"Usandikuwire, lero ndi tsiku labwino. Buku la amalume ako ndinkaliika ine ndi dzanja lomweli, pamwamba pa onse, dontho lalikulu kuposa onse. Ndinkati mwana akhoze. Mayi wathu Saraswati anamva, ndipo anamvetsa kwambiri. Nanga mwanayo ali kuti? Moto wotentha mtembo wa bambo ake anayatsa munthu wina, iye ali m'ndege. Walira mvula walira matope. Ine matope ndawaona, mvula sindiliranso."

"Nanga bwanji la amalumelo mumaliikabe chaka ndi chaka?"

"Ameneyo ali kale m'madzi. Wa m'madzi umamupempherera kuti asambire. Wa kumtunda umamugwira mwendo."

Kayal anayang'ana mgolo uja. Akanatha kupisamo dzanja, koma zikanathandiza chiyani? Buku lokwera pathebulo ndi dzanja la mwini wake, wamkulu ali pomwepo atapinda manja, ndi buku lakuba madalitso. Anatulukira khomo lakuseri n'kukakhala pa mwala wochapira zovala.

"Usakhale pamwala wonyowa, udwala m'mimba!" mawu a agogo ake anamutsatira.

Vasuki sanakangane nawo. Amayi ake ankawadziwa: ukawakankha amamera mizu. Anangosiya masamba aja, n'kupita kukatsegula bokosi lachitsulo la pansi pa bedi, monga ankachitira chaka chilichonse. Anatulutsamo buku lakale, lokutidwa ndi malaya a sukulu a Ilango, n'kukhala nalo pamphasa pakati pa nyumba. Masamba ouma a nimu anayoyoka m'kati mwake.

"Gwira bwino, msana wake ndi wothyoka," anatero a Ponnammal. Anapukuta manja pa sari yomwe anavala n'kudzakhala pambali pake, mawondo akulira.

Chikuto chinali chobiriwira kalekale. Tsopano chinali ndi nkhanambo ya madontho, lina pamwamba pa linzake, ngati khoma lopakidwa laimu kambirimbiri. Malemu amuna awo analigula pamsika wa Lamlungu, atangolandira kufakitale ya nsalu, ndipo ngakhale tsiku limenelo linali lokalamba kale. Anayamba kuphunziramo ndi Ilango. Atamaliza, linagwera Vasuki.

Vasuki analitsegula. Fungo lake linali lomwe lija: fumbi, nimu, ndi kamafuta a kokonati a m'tsitsi la ana awiri omwe ankagonera pomwepo.

"Awo alendo anu, Amma."

Pa tsamba loyamba panali banja lija, litaima mondondozana ngati likudikira basi: bambo wa chipewa ndi kaliwo pakamwa, mayi wa epuloni, kamnyamata ka mpango wofiira m'khosi, kamtsikana, ndi galu. M'buku monse munalibe mtundu wina koma kufiira kwa mpangowo. Mayina awo enieni a Ponnammal sanawagwire. Anawapatsa awoawo.

"A Chipewa," anatero, akuloza ndi chala chosakhudza pepala. "Zaka zonsezi sanachivule, ngakhale podya. Mutu umenewo uyenera kuti unawola. Awa ndi Mayi a Buledi. Tsegula kutsogolo uwaone. Eya! Buledi wamtali ngati nzimbe, amupanira m'khwapa, kenako ana adye. M'khwapa, Vasuki! Ndi galu uyo pansi pa thebulo, nsapato zili kuphazi m'nyumba. Ndinkakuuzani kuti zithunzi muziona, koma khalidwe musatengere."

Vasuki anaseka mpaka kugwira pamimba. "Mukukumbuka mmene munkatimwetsera msuzi wa tsabola?"

"Ndikanatani? Ana anga achoka m'mawa ali bwinobwino, abwera masana akulankhulira m'mphuno. Ong, ang, eng. Ndinati chimfine chalowa m'nyumba."

Anakumbuka masana amenewo ngati dzulo. Bambo awo ali gone m'kati atachoka kuntchito, ana awiri ali pakhonde miyendo atapinda, akuimba phunziro mokweza, iwo ali pambali ndi lichero, akusankha timiyala mu mpunga. Sankamva liwu ndi limodzi lomwe, koma ankadziwa pomwe Ilango waphonya, chifukwa nyimboyo inkatsimphina. "Bwereza!" ankatero osadzutsa mutu, ndipo mnyamatayo ankabwereza. Khonde linali lomwelo. Lichero linali lomwelo. Koma masiku ano Kayal ankaphunzira ndi timawaya m'makutu, milomo yokha ikugwedera, ngati munthu wotukwana chamumtima.

"Aphunzitsi athu aja, Mesye Arokiasami!" anatero Vasuki akutembenuza tsamba. "Mwezi wotentha uja, phula likusungunuka mumsewu, iwo ali m'jekete ndi tayi. Fani ya m'kalasi inafa ife tisanabadwe. Ndiye atiimiritse tonse, rula ili m'manja: 'Bwerezani! Kukuzizira. Chipale chikugwa. Amayi, onjezani malasha mu mbaula.' Ife kubwereza, thukuta likudontha pasileti n'kumafufuta zomwe talemba. Wina kumbuyo akukomoka ndi kutentha, ife tili, 'Ndipatseni chikhoti changa, ndikunjenjemera.'"

"Ndinkati aphunzitsi amenewo adzakudwalitsani ndi mabodza."

"Tsiku lina anati tilembe za chipale choyamba kugwa pakhomo pathu. Pakhomo pathu, Amma, pano! Ine ndinakaima pa ngolo ya bambo wopala ayezi uja, ndikuyang'ana mmene timadzi touma tinkagwera m'kapu. Ndinalemba zimenezo, n'kungochotsamo manyuchi ofiira. Anandiwerenga pamaso pa kalasi yonse. Anati, 'Mtsikana uyu ngati anabadwira komweko.'"

"Unkaposa mchimwene wako," anatero a Ponnammal. Anazinena mosabisa, monga munthu anenera kuti kunja kwacha.

"Ndinkamuposa. Koma iye ndi amene anakachiona chipalecho." Vasuki anamwetulira, n'kupitiriza kutembenuza. "Onani izi. Kalankhulidwe kake ndi woyendetsa ngolo ya akavalo. Katumizidwe ka telegalamu. Kagulidwe ka malasha. Ilango anati atafika analonjera mayi wa m'sitolo monga mmene bukuli limanenera, mawu onse aulemu mpaka kumapeto, mayiyo anaitana mwamuna wake kuti adzamve. Akuti ankalankhula ngati agogo a agogo awo. Sabata yonse ankadzuka m'mawa kudikira mayi wa mkaka wa pangolo uyu."

"Sanabwere?"

"Anafa kalekale, Amma, ndi bulu wake yemwe."

A Ponnammal anapukusa mutu. Zimenezo sanazikhulupirire kwenikweni. Kwa iwo Falansa inali m'bukumo, ndipo Ilango ankakhala penapake pakati pa tsamba la msika ndi tsamba la sitima.

Kenako chala cha Vasuki chinafika pa tsamba lokhuthala, louma ngati chikopa. Anali masamba awiri omatidwa pamodzi. M'mphepete mwake munkaonekabe timabala tachikasu.

"Dutsa pamenepo," anatero a Ponnammal msangamsanga.

Tsamba limenelo analiona kamodzi kokha, Ilango atasiya buku chitsegulire pakhonde. Panali dziwe louma ngati galasi, mitengo yopanda masamba, ndi kamnyamata ka mpango wofiira kaja, komwe iwo ankakatcha Mwana Wosamva. Galasilo linali litang'ambika. Mwanayo anali m'madzi mpaka m'khwapa, manja m'mwamba, kukamwa yasa. Panalibe munthu pafupi. Galu yekha.

Tsoka sulisiya chitsegulire m'nyumba muli ana. Tsiku lomwelo anatapa mpunga wophika, n'kuufinya ndi chala m'mphepete monse, n'kutseka, n'kutsamiritsapo mwala woperera. Analamulanso kuti phunziro limenelo lisamveke pakhomopo, chifukwa chomwe pakamwa patchula, khutu la tsoka limamva. Ndipo kuyambira pomwe Ilango anapita, foni iliyonse inkatha chimodzimodzi: "Usayende padziwe." Ilango ankati, "Amma, ndimakhala m'mwamba mwa nyumba yosanja, ndimagwira ntchito kukhitchini ya chipatala, dziwe ndilipeza kuti?" Iwo ankangoti, "Wosamva uja nayenso ankatero."

"Rula ya Mesye inandipeza chifukwa cha mpunga wanuwu," anatero Vasuki akusisita tsambalo. "Anati, 'Tsegulani phunziro la nyengo yozizira.' Anzanga tsegu. Ine ndikulimbana ndi chikhadabo. Anandifunsa kuti, 'Kwanu buku mumadyera?'"

"Zala zinapola. Uli moyo. Mchimwene wako ali moyo."

Kuseri kunkamveka Kayal akumina. Panja a Murugesan ankaimba mluzu akumangirira maluwa pa njinga.

"Amma, ndikuuzeni zomwe simunamve. Achemwali awo a bambo a Kayal abwera kale ndi chithunzi. Mnyamata wa mapepala a Chifalansa, amakhala komweko, akufuna mkazi wa kuno. Akuti mayeso n'ngachiyani, mphika sufunsa chilankhulo. Bambo a Kayal anena kuti mwanayu akalephera mayesowo, avomera ukwatiwo."

"Ndani wanena? Murugesan? Pakhomo panga?"

"Mwana ndi wawo, Amma. Ndipo mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kupita apita. Chatsala n'chakuti apita ndi pakamwa, kapena apita ngati Jothi."

Jothi anali mkazi wa Ilango. Anamusankha ndi a Ponnammal eni, kumudzi, mtsikana wofatsa wodziwa kuphika, ndipo anakwera ndege osadziwa liwu ndi limodzi lomwe la kumeneko. Pafoni nthawi zonse ankaoneka m'khitchini imodzimodzi, kumbuyo kuli katani imodzimodzi. Chaka chija mwana wawo woyamba anakomoka ndi kutentha thupi, Ilango ali kuntchito, Jothi anathamanga pa masitepe mwana ali m'manja, akugogoda khomo ndi khomo, akulira m'Chitamili. Anthu ankatsegula pang'ono, n'kumuyang'ana, n'kutseka. Mwanayo anachira. Koma a Ponnammal atamva nkhaniyo, chakudya chinawakanika kukhosi masiku angapo. Iwo eni ankadziwa kuima padepoti osatha kuwerenga komwe basi ikupita. Koma kuno ukafunsa, munthu amakuyankha.

"Komabe kumeneko kuli dziwe," anatero ndi mawu otsika. "Ndinaliona ndi maso angawa. Mwana wa eni ake anamira, galu akuonerera."

Vasuki anawayang'ana modabwa. "Anamira? Ndani anakuuzani kuti anamira?"

"Ndinachita kuuzidwa? Madzi anali m'khwapa."

"Amma! Zaka zonsezi?" Vasuki anatembenuza tsamba lokhuthala lija. Kuseri kwake kunali chithunzi chomwe a Ponnammal anachiona kosawerengeka: mwana atamukulunga m'bulangete pafupi ndi mbaula, mutu wokha uli panja, Mayi a Buledi akumumwetsa kanthu m'mbale. "Uyu ndani?"

"Ndi mlongo wake. Anadwala ndi chisoni."

"Yang'anani pachingwe, pamwamba pa mbaula. Chayanikidwacho n'chiyani?"

A Ponnammal anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kukhudza pepala. Pachingwepo panali kanthu kofiira, kakudontha.

"Mpango," ananong'ona.

"Phunziro limeneli ndinakalikopera kwa mnzanga pa masitepe a kachisi, poti kuno munaletsa. Mpaka lero ndikhoza kulinena ndili m'tulo. Mwanayo anagwa, inde. Koma anakuwa. Bambo wina wodula nkhuni anamva, anabwera ndi makwerero, anawagoneka pa madzi oumawo, n'kumukoka. Basi. Kunyumba anakamukalipira n'kumumwetsa mkaka wotentha."

"Anakuwa kuti chiyani?"

"Mawu oitanira anthu pangozi. Mesye ankatikuwitsa kalasi yonse, kuti tidzawakumbuke. 'Mokweza! Kodi mukumira kapena mukupempha mchere?' Tinakuwa mpaka oyendetsa ngolo mumsewu anaimitsa ng'ombe zawo."

A Ponnammal anayang'anitsitsa mpango uja. Mwana amene anamulira mumtima kuyambira ana awo ali pasukulu anali apo nthawi yonseyi, akumwa mkaka.

"Kayal!" anaitana. "Bwera kuno. Ndipo upukute kumbuyo, wanyowa."

Mtsikanayo anabwera, maso ali psuu, n'kuima patali.

"Buku lako lija lili ndi dziwe?"

"Ayi, Paati. Lili ndi sitima zapansi, malo omwera khofi, kafunsidwe ka nyumba ya lendi."

"Buku lanji lopanda ngozi? Akukunamizani. Nanga mawu okuwa munthu akagwa m'madzi ukuwadziwa?"

"Ndikuwadziwa."

"Kuwa ndimve."

Kayal anayang'ana amayi ake. Vasuki anagwedeza mutu.

"Oo sekuu," anatero mtsikanayo, mwamanyazi.

"Ameneyo ndi mphaka wopempha mkaka. Munthu womira akuwa choncho? Mwana wosalira amafera pamsana. Vasuki, muonetse mmene ankachitira aphunzitsi a jekete aja."

Vasuki anaimirira, n'kumangirira sari m'chiuno, manja m'mbali ngati ali pamzere wa kalasi. Anakoka mpweya.

"Oo sekuuu!"

Khwangwala anauluka padenga. Kayal anaphulika kuseka, misozi idakali m'masaya, kenako nayenso anaima pambali pa amayi ake, n'kukuwa onse awiri pamodzi, kawiri, katatu, mpaka mbale za pashelefu zinalira.

Panja a Murugesan anangodzutsa mutu. "Azimayi a m'nyumba muno ayamba liti kusuta?" anafunsa sipanala yomwe inali m'manja mwawo, n'kupitiriza kuidontheza. Mayi woyandikana nawo anasuzumira pawindo, n'kubwerera kumphika wake.

"Mwaona?" anatero a Ponnammal. "Palibe wabwera. Mawu opanda ntch..."

Go! Go! Go! Ndodo inamveka pamsewu, kenako pa sitepe, kenako chitseko chinakankhidwa mwamphamvu. Pakhomo panaima a Solda, nsalu atakwinyira m'mawondo, phazi limodzi lili ndi nkhwaira linalo lopanda, kampira kachitsulo kadakali m'dzanja. Ankapuma ngati mvukuto. Anayamba kulankhula Chifalansa chothamanga, kenako anakumbuka komwe ali.

"Ndani? Wagwa ndani? Moto uli kuti?"

Onse ankayang'ana mawondo a mkuluyo.

"Aya, mwawoloka msewu nokha?" anafunsa Vasuki, akuwatchula ndi liwu laulemu loitanira akuluakulu.

A Solda anadziyang'ana, n'kuyang'ana kumbuyo komwe kunali mpando wawo, ngati akudabwa kuti wawabweretsa ndani. Kenako mawondo anakumbuka ntchito yawo. Kayal anawathamangira ndi mpando.

"Mawu amenewo saseweretsa, ana inu!" anakalipa atakhala. "Munthu ukawamva suyamba wafunsa miyendo ngati ikufuna. Mukanandipha! Ndipo iwe Murugesan, anthu akukuwa m'nyumba mwako, iwe uli ndi sipanala?"

"Ine ndimayesa akuimba, Aya," anatero a Murugesan ali pakhomo, akukanda m'mutu.

Vasuki anathamangira kukhitchini kukatereka khofi. A Solda anapukuta thukuta, ndipo maso awo anagwera pamphasa.

"Aa! Buku ili likadalipo?" Mawu awo anafewa. "Ifenso tinaphunzira lomweli, kwa abambo a mishoni. Langa linali lopanda chikuto. A Chipewa awo, ndi galu wawo. Ndipatseni ndilinunkhize." Analinunkhiza atatsinzina. "Nanga kamnyamata kaja? Kakadali m'dziwe?"

"Kanatuluka," anatero a Ponnammal. "Ndangomva lero."

A Ponnammal anadzuka pang'onopang'ono, atagwira khoma. Sanayang'ane aliyense. Analowa kukhitchini, anatsegula mgolo, n'kupisamo mkono mpaka paphewa. Anatulutsa buku lija, analiuzira, analipukuta ndi nsonga ya sari, n'kudzikhudza nalo m'maso.

Pathebulo anayamba ndi mabuku ena monga mwa nthawi zonse: a Kayal a sayansi, la nyimbo zakukachisi la Vasuki, kabuku kamafutamafuta ka a Murugesan ka njinga zamoto. Kenako la Ilango, dontho latsopano pamwamba pa nkhanambo yakale. Pomaliza anatenga la Kayal. Anaviika chala m'kambale ka sandalo. Anayang'ana mtsikana wa pachikuto uja, woseka pansi pa nsanja yachitsulo.

"Mwana wa eni ake, pamphumi pali mbee ngati wamasiye," anang'ung'udza, n'kumuika dontho pakati pa nsidze, lalikulu, ndi lofiira pamwamba pake. Analiika pamwamba pa onse.

Kayal anagwada n'kuwagwira mapazi. A Ponnammal anamugwira pamutu, ndipo dzanjalo linakhalitsa pamenepo.

"Mawa potsegula, uyambe ndi mawu aja, kenako zakhofizo. Buledi wa m'khwapa usadye. Azakhali ako Jothi ukawaphunzitse kukuwa, ngakhale akane. Ndipo dziwe usaliyandikire."

"Kulibe dziwe, Paati."

"Amalume akonso amatero. Dzuka, tenga machesi. Tsitsi ulibweze kumbuyo, lingagwire moto."

Nyale itayaka, Vasuki anabwera ndi khofi wa a Solda ndi mbale ya tchana ndi mbuliwuli za mpunga. Anaima pafupi ndi amayi ake, akuyang'ana mabuku awiri aja, lakale pansi, latsopano pamwamba.

"Amma, mawa tikalitsitsa ndiliika pa nthunzi ya ketulo. Mpunga uja ufewa, tsamba litseguka."

"Lisiye."

"Koma mwamva kuti anatuluka."

"Anatuluka, inde," anatero a Ponnammal, akutola kabelu ka mkuwa. "Ndiye ufuna agweremonso?"